Silence: Kamera Idalowa m'Bokosi la Maliro, Buku Lidaima Panja



Masiku ano mphunzitsi akapereka buku m'kalasi, funso loyamba limene amalandira ndi lakuti, "Kodi lili ndi filimu yake?" Filimuyo ikapezeka pa foni ya achimwene kunyumba, wophunzira amati nkhani yonse waimaliza. Ife aphunzitsi a Literature timawazindikira otere tikamachonga mayeso: amadziwa bwino amene adapha mnzake, koma za chifukwa chake cholembera chimauma. Si kuti timadana ndi mafilimu ayi. Tikufuna kungoonetsa, pogwiritsa ntchito buku limodzi la ku Japan ndi filimu yake, kuti ngakhale filimu yopangidwa ndi katswiri, yotsatira buku mokhulupirika, imatha kusintha chinthu chimene nkhani yonse yatsamirapo.

Bukuli ndi Silence, kutanthauza kukhala chete. M'Chijapani dzina lake ndi Chinmoku. Adalilemba ndi Shusaku Endo, lidatuluka m'chaka cha 1966, ndipo William Johnston adalimasulira m'Chingerezi mu 1969. Filimu imene tikuikamba ndi ya Martin Scorsese wa ku America, ya mu 2016. Tinene poyera kuti Endo adali Mkatolika, Scorsese adakulira m'Chikatolika, ndipo nkhani yake ndi ya Akhristu. Pali zambiri m'menemo zimene Msilamu sangazivomereze, kuyambira pa nkhani ya mtanda yeniyeniyo, pakuti Qur'an imatiphunzitsa zina za Mneneri Isa (mtendere ukhale pa iye). Komabe funso limene bukuli likulimbana nalo ndi lathu ndithu, ndipo lidafunsidwa ku Makka zaka pafupifupi 1,000 nkhani ya Endo isadachitike: kodi munthu amene wakana chikhulupiriro chake ndi pakamwa chifukwa cha mazunzo, mumtima mwake mwatsala chiyani?

Mbiri yake ili motere. Chikhristu chidafika ku Japan mu 1549 ndi Francis Xavier, ndipo chidafala kwambiri kum'mwera, m'dera la Nagasaki. Mu 1614 boma la banja la Tokugawa lidachiletsa. Anthu ambiri a ku Shimabara, ochuluka mwa iwo Akhristu, ataukira boma mu 1637 mpaka 1638, chiletsocho chidakhwima kotheratu. Akuluakulu a boma adazindikira kuti kupha okhulupirira pagulu kumangolimbitsa otsala, choncho adasintha njira. Cholinga chidakhala chakuti munthu akane yekha. Ankaika pansi chithunzi cha Isa kapena cha mayi wake Mariam, chosemedwa pa thabwa kapena pa mkuwa, n'kuuza woganiziridwa kuti achiponde. Chithunzichi chimatchedwa fumie. Wokana kuponda ankamumanga thupi lonse, n'kumupachika chadodolido m'dzenje, atamucheka pang'ono kuseri kwa khutu kuti magazi azidontha ndipo asafe msanga. Mu 1633 wansembe wamkulu wa Chipwitikizi, Cristóvão Ferreira, adapachikidwa m'dzenje lotere ku Nagasaki ndipo patapita maola ochepa adakana chipembedzo. Adapatsidwa dzina la Chijapani, Sawano Chuan, nakhala akugwirira ntchito boma mpaka imfa yake mu 1650. Izi si nthano, zidachitikadi.

Pa fupa la mbiri limeneli Endo adaikapo mnofu. Ophunzira a Ferreira akumva mphekesera zakuti mphunzitsi wao wagwa, ndipo sakukhulupirira. Awiri mwa iwo, Sebastião Rodrigues ndi mnzake Garrpe, akulowa mu Japan mobisa kudzera ku Macao, motsogozedwa ndi chidakwa china chamantha dzina lake Kichijiro. Akubisidwa ndi alimi osauka m'kakhumbi ka owotcha makala paphiri. Alimi aja akuyamba kugwidwa mmodzimmodzi. Kichijiro akugulitsa Rodrigues kwa boma ndi ndalama zasiliva 300. Ndipo pamene Rodrigues akuyembekezera kuzunzidwa kuti afe imfa yaulemu, bwanamkubwa Inoue akumusunga bwino, kumudyetsa, kumulankhula mwaulemu, kwinaku akuzunza alimi m'malo mwake.

Filimu tiipatse ulemu wake. Scorsese adawerenga bukuli mu 1989 ndipo adalisunga mumtima zaka zoposa 25 asadakwanitse kulijambula. Adaijambulira ku Taiwan, ndipo ndi yaitali mphindi 161. Nyimbo zokometsera zilimo zochepa kwambiri. Chimene mumamva ndi nyenje, mphepo, mvula ndi mafunde, moti chete amene mutu wa buku ukunena amakulowani m'makutu. Pamene Mokichi ndi mkulu Ichizo amangidwa pa mitengo m'mphepete mwa nyanja kuti mafunde aziwamenya mpaka afe, buku limafotokoza kuchokera patali, koma filimu imakuikani pafupi ndi nkhope ya Mokichi akuimba ndi mawu otheratheratu. Pamenepo filimu yaposa buku, sitingakane. Nawonso ochita sewero a ku Japan adagwira ntchito yotamandika, makamaka Issey Ogata amene adasewera Inoue: nkhalamba yomwetulira, yodzipepesa ndi chokupizira mphepo, yoopsa kuposa msilikali aliyense wa lupanga. Zosintha zing'onozing'ono, monga kusiya wansembe wachitatu amene m'buku adadwala n'kutsalira ku Macao, sizikutivuta.

Chimene chatayika choyamba ndi mawu a wofotokoza nkhani. Mitu inayi yoyambirira ya buku ndi makalata a Rodrigues mwini, olembera akuluakulu ake. Ndi iye amene akuti "ine", ndipo wowerenga watcheru amayamba kuona zimene mwini makalatayo sakuziona. Mnyamatayu amawakondadi alimi aja, koma amanyansidwanso ndi fungo lao ndi zakudya zao. Amadziyerekeza ndi Isa pa chilichonse chimene chikumuchitikira, ndipo Kichijiro amamuika m'malo mwa Yudasi asadapalamule n'komwe. Kudzikuza kwake kwavala chovala cha kudzipereka, ndipo sakudziwa. Kenako akagwidwa, makalata amatha mwadzidzidzi. Kuyambira pamenepo Endo sakumulolanso kunena "ine", akungomutchula kuti wansembe uja, ngati munthu amene tikumuonera kunja. Amene ankalemba mbiri yake yekha walandidwa cholembera. Filimu ilibe njira yochitira zimenezi. Imatiwerengera zidutswa za makalata, inde, koma kuyambira poyamba mpaka pomaliza tikuyang'ana nkhope imodzi ya Andrew Garfield, ya maso ofatsa ndi misozi yosachedwa. Nkhope yotere imakhululukidwa msanga. Wophunzira amene wangoonera filimu adzalemba kuti Rodrigues adali munthu wabwino amene adakumana ndi anthu oipa, ndipo adzakhala ataphonya theka la nkhani.

Tsopano tifike pa usiku wa m'ndende. Rodrigues ali mu mdima, akuganiza kuti mawa lake apachikidwa m'dzenje. Akumva phokoso ngati la mlonda woledzera amene akuliza mkonono, ndipo zikumunyansa kuti pa usiku waukulu wa moyo wake wina akugona tulo totere. Ferreira akulowa n'kumuuza kuti si mkonono ayi: ndi kubuula kwa alimi amene apachikidwa m'dzenje. Alimiwo adakana kale chipembedzo, koma satsitsidwa kufikira wansembeyo ataponda fumie. Apa buku ndi filimu zikuyendera limodzi, ndipo zonse zimatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga m'njira yofanana. Zikusiyana pa mphindi yotsatira. M'buku, Rodrigues akakweza phazi, nkhope ya pa chithunzi chija imalankhula naye n'kumulola kuponda. Mawuwo ali pa pepala, m'kati mwa maganizo a munthu amene sadagone, wosweka mtima, amene wangomaliza kumva mfundo za Ferreira. Wowerenga ali ndi ufulu wofunsa: kodi ndi mawu ochokera kumwamba, kapena ndi mtima wake ukudzipezera khomo lotulukira? Ngakhale omasulira amasiyana, pakuti m'Chijapani mawuwo ali ngati chilolezo pamene Johnston adawaika ngati lamulo. M'filimu phokoso lonse limazimitsidwa, ndipo timamva mawu a munthu weniweni akulankhula ngati Isa. Khutu likamva, limakhulupirira. Chikaiko chimene Endo adachisiya mwadala chimachepa.

Kwa ife Asilamu pali vuto linanso pamenepa, ndipo makolo ayenera kulidziwa. Filimuyi imaonetsa kangapo nkhope yojambulidwa imene akuti ndi ya Mneneri Isa, ndipo imamupatsa mawu. Ife sitijambula Atumiki a Allah ndipo sitiwaseweretsa ndi munthu aliyense. Buku nalonso limafotokoza nkhopeyo, koma ngati chinthu chimene chili m'mutu mwa Rodrigues, chimene chimasinthasintha pamene iye akusintha. Kuwerenga kuti munthu wina ankaganiza chotere n'kosiyana ndi kuikidwa chithunzi patsogolo.

Wophunzira aliyense amene adadutsa m'madrasa akafika pa usiku umenewu amakumbukira banja la Yasir. Ku Makka, pa chiyambi cha Chisilamu, Yasir ndi mkazi wake Sumayya adazunzidwa mpaka kufa, ndipo Sumayya timamudziwa ngati shahidi woyamba. Mwana wao Ammar adazunzidwa mpaka adanena mawu amene omuzunza ankafuna. Adapita kwa Mtumiki Muhammad (SAW) akulira. Mtumiki adamufunsa za mtima wake, ndipo atamva kuti ndi wokhazikika pa imani adamukhazika mtima pansi. Omasulira Qur'an amatiuza kuti ndime 106 ya Sura An-Nahl ikukhudza nkhani imeneyi. Bilal adaikidwa mwala pachifuwa pa dzuwa lotentha ndipo sadagonje. Ammar adagonja ndi lilime. Onse awiri ndi Maswahaba olemekezeka, ndipo palibe Msilamu amene amati Ammar ndi wa mzere wachiwiri. Tingati pa funso limeneli dini yathu idapereka yankho lachifundo kale, pamene Rodrigues adaleredwa m'maganizo akuti pali magulu awiri okha, ofera chikhulupiriro ndi akugwa.

Koma tisafulumire kunena kuti Rodrigues ndi Ammar wa ku Japan. Ammar adanena mawu, n'kubwerera kwa Mtumiki, ndipo adakhala Msilamu wapoyera mpaka ukalamba. Rodrigues alibe kobwerera. Akupatsidwa dzina la munthu wakufa, Okada San'emon, pamodzi ndi mkazi wa malemuyo. Akukhala pansi ndi Ferreira kusanthula katundu wa zombo za amalonda, kuuza boma kuti ichi ndi cha Chikhristu, ichi si cha Chikhristu. Uku sikulinso kugonja kwa lilime usiku umodzi. Ndi ntchito ya zaka zambiri yothandiza amene akusaka anthu ake omwe. Ma ulama athu amasiyanitsa bwino zinthu ziwirizi: kukakamizidwa kumamasula lilime, koma sikupereka chilolezo chopha kapena kupereka munthu wina. Choncho funso lakuti mtima wa Rodrigues udatsala pati ndi lolemera kwambiri, ndipo mmene buku ndi filimu zaliyankhira ndi pamene pagona mkangano wathu.

Endo akumaliza buku m'njira yodabwitsa. Akusiya kufotokoza nkhani, n'kutipatsa zolemba za mlonda wa nyumba ina ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo, kumene boma linkasunga ansembe okana chipembedzo. Zalembedwa m'chilankhulo chouma cha mu ofesi: tsiku lakuti kudachitika chakuti, wakuti adafunsidwa mafunso, ndalama zakuti zidaperekedwa. M'kati mwa zouma zimenezi timamva kuti Okada San'emon adali ndi wantchito dzina lake Kichijiro, ndipo kuti wantchitoyo adapezeka ndi kachithunzi ka Chikhristu m'kachikwama ka m'khosi. Timamvanso kuti Okada adamwalira ali ndi zaka 64, ndipo mtembo wake udawotchedwa mwa mwambo wa Chibuda. Basi. Palibe amene akutiuza zimene zidali mumtima mwake pa tsiku la imfa. Owerenga ambiri amadumpha masamba amenewa poganiza kuti nkhani idatha kale, pamene m'menemo ndi momwe Endo adabisa zizindikiro zake, n'kusiyira wowerenga kuti aziyeze yekha.

Scorsese sadapirire. M'filimu, mtembo wa Rodrigues waikidwa chokhala m'bokosi lozungulira ngati mgolo, moto wayatsidwa, ndipo kamera ikudutsa m'malawi, kuboola thabwa, kulowa mpaka m'manja mwa malemuyo. M'menemo muli kamtanda kakang'ono kamene Mokichi adamupatsa kalekale, ndipo tapatsidwa chizindikiro chakuti mkazi wake ndiye adakaikamo. Ndi chithunzi chokongola, ndipo ambiri amalira akachiona. Ife tikuti ndi pamenepa pamene filimu yachepa poyerekeza ndi buku. Yatenga funso limene Endo adalinyamula masamba onse n'kulitseka ndi kanthu kamodzi kooneka ndi maso. Woonera akutuluka mtima uli m'malo: munthu uja adali wokhulupirira mpaka kumapeto, zonse zija zidali zakunja chabe. Zaka zosanthula katundu zija zakhululukidwa ndi kamera.

Mu Sahih Muslim muli nkhani ya Usama bin Zaid, amene pa nkhondo ina adapha munthu ngakhale kuti munthuyo adali atanena shahada, poganiza kuti wangonena chifukwa choopa lupanga. Mtumiki (SAW) adamudzudzula kwambiri, namufunsa ngati adang'amba mtima wa munthuyo kuti aone zimene zili m'kati. Usama adanong'oneza bondo moyo wake wonse. Timaiphunzitsa nkhaniyi kawirikawiri ngati chenjezo lakuti tisatchule mnzathu kafiri. Koma ili ndi mbali yachiwiri: ngati sitingang'ambe mtima kuti titsutse munthu, sitingaung'ambenso kuti timuyeretse. Zamumtima adziwa ndi Allah yekha. Endo, ngakhale sadali Msilamu, adaima pa malire amenewa. Adatipatsa zimene mlonda angaone ndi kulemba, n'kuima pakhomo. Kamera ya Scorsese idachita zimene Usama adafunsidwa ngati adachita.

Wina anganene kuti Scorsese sadapeke bodza, adangoonetsa poyera chimene buku likulozera. Pali choona m'menemo. Kichijiro sakadakhala m'nyumba imeneyo zaka zonsezo ndi kachithunzi kake ngati bwana wake adali mdani weniweni wa chikhulupiriro chake. Ndipo mbiri ikuikira kumbuyo maganizo akuti anthu oponda fumie sadali onse otayika: mu 1865 gulu la alimi lidafika pa tchalitchi cha Oura ku Nagasaki n'kudziulula kwa wansembe wa Chifalansa, Bernard Petitjean, kuti iwo ndi makolo ao adasunga chipembedzo mobisa zaka zoposa 200, ambiri a iwo akuponda chithunzi chaka ndi chaka. Chiletso chidachotsedwa mu 1873. Koma kulozera ndi kuonetsa ndi zinthu ziwiri. Wowerenga amene wafika yekha pa ganizo lakuti mwina Rodrigues adasunga chikhulupiriro amafikapo atanyamula "mwina" ameneyo, ndipo amakumbukirabe amalonda ndi alimi amene adagwidwa chifukwa cha diso lake lozindikira. Woonera filimu amangolandira yankho m'manja.

Za Kichijiro tikadakhala ndi malo tikadalemba tsamba lonse. Amaponda fumie nthawi iliyonse akaopsezedwa, kenako amabwerera akukwawa kudzapempha chikhululuko, kenako amagwanso. Amadandaula kuti adabadwa wofooka m'nthawi yofuna amphamvu, ndipo kuti akadabadwa m'masiku amtendere akadafa ali wopembedza wabwino. M'filimu kubwererabwerera kwake kumafika poseketsa, ndipo oonera ena amasekadi. M'buku sikuseketsa, chifukwa timakuona kudzera m'maso onyansidwa a Rodrigues, ndipo pang'onopang'ono timachita manyazi ndi kunyansidwako. Endo adanena kuti chimene chidamuyambitsa kulemba ndi fumie imene adaiona ku Nagasaki, itada ndi zala za mapazi a anthu amene adaipondapo. Mbiri idasunga maina a ofera chikhulupiriro, koma eni mapazi aja palibe adawalemba. Ndi iwo amene ankafuna kuwapatsa mawu.

Pasukulu pathu palibe dzenje, alhamdulillah. Koma tili ndi ana amene amasiya swala akapita kutchuthi n'kuyambiranso akabwera, ena amene amavula hijabu akafika m'tauni chifukwa choopa kusekedwa, ena amene alapa kasanu pa cholakwa chimodzi. Mmene timawalankhulira ana amenewa, ife aphunzitsi, inu makolo ndi inu anzao a m'kalasi, nthawi zambiri mumafanana ndi mmene Rodrigues wa m'makalata aja ankalankhulira za Kichijiro. Timagamula msanga za mitima imene sitidaing'ambe.

Pempho lathu kwa akomiti ndi ili. Mutilole tigule makope angapo a Silence a mu laibulale, oti aziwerengedwa ndi a Fomu 3 ndi Fomu 4 okha, ndipo kukambirana kwake kuzichitika pali mphunzitsi wa Literature pamodzi ndi shehe wa pasukulu, kuti pamene bukuli lanena za Mneneri Isa zosemphana ndi Qur'an ana amve bwino kusiyana kwake. Filimu sitikupempha kuti ionetsedwe mu holo. Kuwonjezera pa nkhope ndi mawu tanena zija, muli zithunzi za anthu akuthiridwa madzi otentha a ku Unzen, akuwotchedwa, akumizidwa atakulungidwa m'mphasa, ndi wina akudulidwa mutu, zimene si zoyenera ana a Fomu 1. Makolo amene angafune kuionera kunyumba ndi ana ao akuluakulu asankhe okha akudziwa zimenezi, ndipo mwanayo akhale atamaliza kaye buku, kuphatikizapo masamba a mlonda wa ku Edo ali kumapeto kwenikweni aja.